Wailesi ya Apolisi m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Wailesi yolankhulirana isanabwere, uthenga wa apolisi ku Dowa ndi ku Ntchisi unkayenda pa mapazi. Munthu akaphedwa pa mowa kapena ng'ombe zikabedwa, nyakwawa inkatuma mnyamata kwa mfumu yaikulu, ndipo mesenjala wa khoti ndiye ankapita ndi kalata kuboma. Waya wa telegalafu unadutsa kunyanja, ku Nkhotakota, m'zaka za m'ma 1890, koma midzi ya kumapiri sinapindule nawo kwenikweni. Nthawi ya dzinja, mitsinje ikasefukira, mesenjala ankagona kutsidya kudikira kuti madzi aphwe, wakuba ali kutali kale.

Gulu la Nyasaland Police linakhazikitsidwa mu 1921, likulu lake lili ku Zomba. Komabe apolisi ochepa a pa boma la Dowa ankamvera DC tsiku ndi tsiku, chifukwa Zomba inali kutali, ndipo ntchito yawo yambiri inali yosaka othawa msonkho.

Ku America, apolisi a ku Bayonne, New Jersey, anayamba kulankhulana pa wailesi ali m'galimoto mu 1933. Kuno zinachedwa mpaka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ndipo chimene chinafulumizitsa boma la atsamunda sichinali umbava ayi, koma ndale. Zipolowe za ku Thyolo mu 1953 zinaonetsa kuti apolisi anali ochepa ndiponso omwazikana. Boma linapanga gulu la Police Mobile Force ndi kuyamba kulumikiza mapolisi pa wailesi. Pamene bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la pangozi pa 3 Marichi 1959, malamulo omanga atsogoleri a chipani cha Congress anafika m'maboma mwachangu chimene mesenjala sakanachikwanitsa.

Mapiri okha sanagonje msanga. Mawu a pa wailesi ankamveka bwino pamtunda, koma Land Rover ikatsetserekera m'zigwa za kuseri kwa phiri la Ntchisi, ankazimirira, ndipo dalaivala ankayenera kukwera pachitunda kuti aitanenso. Mphenzi zinkasokoneza, mabatire ankatha.

Kusintha kwakukulu kunali pa ulamuliro. Wapolisi wa pa boma anayamba kupereka malipoti kwa mabwana ake a kulikulu tsiku lomwelo, ndipo mphamvu za DC ndi mafumu pa nkhani za chitetezo zinachepa. Boma la Dr Banda linalandira njira yomweyi ndi kuigwiritsa ntchito, m'zaka zimene andende andale ankasungidwa ku Dzaleka. Munthu wamba ndiye anatsalira: wailesi inkalumikiza wapolisi ndi wapolisi mnzake, osati mudzi ndi polisi. Mlimi wa fodya woberedwa usiku ankapalasabe njinga kupita ku Mponela kukadandaula, mpaka mafoni a m'manja atafala m'zaka za m'ma 2000.