Zida za Akauboyi ndi Thumba la Munthu Wamba

Amvetseri, amene munaonerapo kanema wa akauboyi mukukumbukira mwamuna uja wa chipewa chachikulu, ali pa kavalo, mavolovolo aŵiri akulendeŵera m'chuuno. Lero tikamba za maseŵera a ku America amene anabadwa m'makanema otere, a Cowboy Action Shooting, ndiponso za funso limene limasautsa aliyense wofuna kuwayamba. Maseŵeraŵa amafuna mfuti zinayi pa munthu mmodzi. Nanga munthu wa ndalama zochepa ayambira pati?

Tiyambe ndi kauboyi weniweni, pakuti iyenso anali mmphaŵi. Nkhondo yapachiŵeniŵeni ya ku America itatha mu 1865, ng'ombe zinali mbwee ku Texas, koma msika wabwino unali kutali kumpoto. Mu 1867 Joseph McCoy anatsegula msika wa ng'ombe ku Abilene, ku Kansas, pamene panadutsa njanji, ndipo abusa anayamba kukusa ng'ombe zikwizikwi kudzera m'njira ya Chisholm, ulendo wa miyezi iŵiri kapena itatu. Malipiro awo anali madola 25 mpaka 40 pamwezi. Ambiri mwa iwo anali anthu akuda ndi a ku Mexico, mfundo imene makanema akale anaibisa. Volovolo ya Colt ya 1873 inkadya pafupifupi theka la malipiro a mwezi, motero mbusa wanzeru ankayamba wagula chishalo, chimene ankadyerapo, mfuti n'kudza pambuyo ngati idza n'komwe. Ndipo famu yaikulu ya XIT ku Texas, m'malamulo ake a 1888, inaletsa antchito ake kuyenda ndi volovolo.

Amene anagula mfuti anaphunzira kusinira. Kampani ya Winchester inatulutsa mfuti yaitali ya 1873 yodya chipolopolo cha .44-40, ndipo patapita zaka zoŵerengeka Colt anapanga volovolo yodya chipolopolo chomwecho. Bokosi limodzi linkadyetsa mfuti ziŵiri. Musaiŵale nzeru imeneyi, amvetseri, pakuti tikumana nayonso.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itabuka, Colt analeka kupanga volovolo yakale ija. Anaiukitsa ndi makanema a pa wailesi yakanema: anthu anaifuna kwambiri kotero kuti mu 1956 kampaniyo inayambanso kuipanga, koma pa mtengo wa anthu olemera. Ena anali ataona kale mpata. William Ruger anatulutsa Single-Six mu 1953, ndipo ku Italy Aldo Uberti anatsegula fakitale mu 1959 ku Gardone Val Trompia yopanga mfuti zofanizira zakale. Banja la Pietta linatsatira. Ine ndimaona kuti amisiri a ku Italy ameneŵa sayamikidwa mokwanira, chifukwa popanda mfuti zawo zotsika mtengo maseŵera athuŵa akadakhala a anthu ochepa osunga chuma chakale.

Maseŵerawo anayambira ku California. Harper Creigh, katswiri wa mipikisano ya kuombera chandamale, anakopa anzake kuti ayese kupikisana ndi mfuti za m'makanema, ndipo mu 1982 anachita mpikisano woyamba wa End of Trail ku Coto de Caza, opikisana ali 65. Mu 1987 panakhazikitsidwa bungwe la Single Action Shooting Society loyang'anira malamulo. Aliyense amasankha dzina lopeka la nthaŵi yamakedzana. Creigh anadzitcha Judge Roy Bean. Wopikisana amafunika mavolovolo aŵiri otchera ndi chala chachikulu nthaŵi iliyonse asanaombe, mfuti yaitali yodya zipolopolo za volovolo, ndi chifefe chimodzi, zonse za kapangidwe ka zaka za m'ma 1800. Amaombera zitsulo zoimikidwa pafupi, ndi zipolopolo za mtovu, wotchi ikuyenda. Kaŵirikaŵiri pa chigawo chimodzi amaomba zipolopolo 10 za mavolovolo, 10 za mfuti yaitali ndi zinayi kapena kuposerapo za chifefe, ndipo akaphonya kamodzi amamuwonjezera masekondi 5.

Taŵerengani zipolopolo zimenezo m'zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa tsiku, mudzaona pamene pamathera ndalama. Mfuti igulidwa kamodzi, chipolopolo chigulidwa mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake woyamba amalangizidwa nzeru ya kauboyi ija, yakuti mfuti zitatu zidye chipolopolo chimodzi. Ambiri amasankha .38 Special, chipolopolo cha 1898 chotsika mtengo kuposa .45 Colt, chosakankha dzanja kwambiri. Ena amatola makoko ake amkuwa n'kumadzazanso okha kunyumba.

Pa mavolovolo, mkangano uli pakati pa Ruger Vaquero, imene inatuluka mu 1993, ndi mfuti za Uberti kapena Pietta. Ya Ruger ndi yolimba, siifa msanga; za ku Italy zimatsika mtengo ndipo zimafanana kwambiri ndi Colt weniweni. Pa mfuti yaitali m'pamene mutu umazungulira. Akatswiri amakonda zofanizira Winchester 1873 chifukwa zimayenda myaa, koma ndi zodula kuposa zida zonse. Rossi 92 ya ku Brazil ndiyo ya munthu wamba, ngakhale imafika ili youma ndipo nthaŵi zina imanyanyala chipolopolo chachifupi mpaka mmisiri ataisalaza. Apa ine ndingati, ngati pali malo amodzi oti munthu adzimane zina kuti agule chabwino, ndi pomwepa. Chifefe sichivuta: Stoeger ya mipope iŵiri, ya ku Brazil komweko, yayambitsa anthu ambiri.

Zovala zisaopse munthu. Buluku la jinzi, malaya a manja aatali, nsapato zachikopa ndi chipewa, zakwana. Zimene malamulo amakana ndi nsapato zothamangira, kapusi ndi matumba a mfuti a pulasitiki. Lamba ndi matumba ake azikhala achikopa cholimba chosafwapika pobwezera mfuti. Magalasi oteteza maso ndi lamulo. Ndipo oseŵera akale amauza mlendo kuti asagule kanthu asanafike pa mpikisano, pakuti kumeneko amabwerekana mfuti, ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zimagulitsidwa konko.

Chinthu chimodzi sichinasinthe kuyambira masiku a ku Abilene. Volovolo ya Colt ili ndi mabowo 6, koma ikagwa pansi chipolopolo chili kutsogolo kwa chotchera, inkatha kulira yokha. Anthu osamala ankaikamo zipolopolo 5, bowo limodzi n'kulisiya lopanda kanthu. Pa mipikisano imeneyi wopikisana aliyense amachita chimodzimodzi, pa tebulo lodzazira mfuti, mnzake akuyang'ana.