Chifukwa chake ejenti amakana mabatire: nkhani ya ndege ya ku Dubai

Anzanga amalonda ndi madalaivala, ambirife timadandaula ejenti akatiuza kuti katundu wa mabatire sakwera ndege, kapena kuti alipiridwa padera. Timangoti akufuna kutidyera. Koma lamuloli lili ndi mbiri yake, ndipo anthu anataya miyoyo lisanakhwime.

Kale mabatire a m'nyumba anali a tochi ndi wailesi basi, ndipo sankavuta kunyamula. Zinthu zinasintha mu 1991 pamene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire a lithium-ion, omwe lero ali m'mafoni, malaputopu ndi ma power bank. Amasunga mphamvu yambiri m'kanthu kakang'ono, koma akaphwanyika, akatenthedwa kwambiri, kapena mbali zake ziwiri zikakhudzana ndi chitsulo, amayaka okha, ndipo limodzi limayatsa linzake.

Pa 3 Seputembala 2010 ndege yakatundu ya UPS, Boeing 747, inanyamuka ku Dubai kupita ku Cologne m'dziko la Germany. Patangopita mphindi pafupifupi 20, moto unabuka kumene kunali katundu. Utsi unadzaza m'chipinda cha oyendetsa mpaka kulephera kuona zida zawo. Anayesetsa kubwerera, koma ndege inagwa kufupi ndi Dubai ndipo onse awiri anamwalira. Ofufuza anapeza kuti moto unayambira pa katundu amene munali mabatire a lithium, ndipo m'ndegemo analimo oposa 80,000.

Kuyambira pa 1 Epulo 2016, bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO linaletsa mabatire a lithium-ion otumizidwa paokha kukwera ndege za anthu ngati katundu. M'ndege zakatundu amaloledwa ngati tchaji chake sichikupitirira 30 peresenti. Chaka chomwecho mafoni a Galaxy Note 7 analetsedwa m'ndege zambiri chifukwa ankayaka.

N'chifukwa chake pakatoni mumaona UN3480, kutanthauza mabatire paokha, kapena UN3481, omwe ali m'chipangizo kapena apakidwa nacho. Onsewa ali m'gulu la katundu woopsa la Class 9, panyanja ndi pamsewu pomwe. Mukamaoda, funsani wogulitsa pepala losonyeza kuti mabatirewo anayesedwa pa UN 38.3.

Ife apamsewu tisamati za ndege sizikutikhudza. Kontena yoima padzuwa pa boda masiku angapo imatentha ngati uvuni. Mabatire azikhala m'mapaketi ake, osati kuwakhuthulira m'thumba limodzi ndi makiyi, misomali kapena makobidi. Ngakhale a tochi wamba, makamaka a 9 volt, amatirani tepi kumitu. Osawasanjikiza ndi katundu wolemera pamwamba, ndipo batire lotupa kapena lodontha lisakwere thiraki. Mukakwera ndege, power bank ikhale m'chikwama cham'manja.

Chachikulu, musabise mabatire polemba kuti ndi zovala pofuna kupulumutsa ndalama zochepa. Dalaivala amene amagona m'thirakimo ayenera kudziwa chimene wanyamula. Muyende bwino nonse.