Mbiri ya utsi umene unalowa m'nyanja

Lero tichoke kaye kuno kumtunda, titsetserekere kunyanja ya mchere. Ndikudziwa kuti wina afunsa: "Ife odya chicoa cha ku Cahora Bassa ndi usipa wa ku Niassa, za kunyanja ya mchere zikutikhudza pati?" Dekhani, abale. Sitima ya malasha imene mumaiona ikunyamuka pa Moatize ija ilimo m'nkhaniyi.

Mbiri yake ikuyambira ku Britain cha m'ma 1700 kumapeto, pamene anthu anayamba kuyendetsa makina a m'mafakitale ndi moto wa malasha. Kenaka kunabwera petulo, dizilo ndi gasi. Zonsezi zikamayaka zimatulutsa mpweya wotchedwa kaboni dayokisaidi. Mafakitale asanayambe, pa tizigawo 1 miliyoni ta mpweya wa mumlengalenga, tizigawo 280 tokha ndito tinali ta mpweya umenewu. M'chaka cha 1896, katswiri wa ku Sweden, Svante Arrhenius, anawerengera n'kupeza kuti mpweyawu ukachuluka dziko lidzatentha. Koma anthu ophunzira ambiri sanade nkhawa. Ankati nyanja ndi yaikulu, imeza zonse. Kunena zoona, nyanja ankaiona ngati dzala losadzaza.

Amene anayamba kugwedeza maganizo amenewa anali Roger Revelle ndi Hans Suess a ku California. Mu 1957 iwo analemba kuti madzi a m'nyanja ali ndi malire, sangameze utsi wonse msangamsanga monga anthu ankaganizira. Chaka chotsatira, 1958, Charles David Keeling anayamba kuyeza mpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, ndipo anapeza tizigawo pafupifupi 315. Kuyezako sikunaleke. Mu 2013 chiwerengero chinafika 400, ndipo pofika 2024 chinali chitadutsa 420.

Komabe maso onse anali kumwamba. Funso limene linachedwa kufunsidwa ndi lakuti: nanga utsi umene nyanja yameza ukuchita chiyani m'madzimo? Pajatu nyanja imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kaboni dayokisaidi amene anthu amatulutsa chaka ndi chaka.

Apa ndifotokoze ndi za kunyumba. Mukatsekula botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi mumamva "tsiii". Mpweya umenewo ndi womwewu, ndipo ndi umodzi mwa zimene zimachititsa chakumwacho kuluma lilime. Ukalowa m'madzi umasanduka asidi wofooka. Muyezo wa asidi umatchedwa pH, ndipo anaukonza ndi Søren Sørensen mu 1909 ku Copenhagen, m'chipinda chofufuzira cha kampani yofulula mowa ya Carlsberg. Pa muyezowu, 7 ndi pakatikati. Nambala ikamatsika, asidi akukwera. Madzi a mandimu ali cha pa 2. Madzi a pamwamba pa nyanja anali cha pa 8.2 mafakitale asanayambe, tsopano ali cha pa 8.1. Mwina mukuti, "Aa, kangachepe komweko?" Musanamizike. Muyezowu sitepe imodzi ndi kuchulukitsa kakhumi, choncho kutsika kooneka kakang'onoko kukutanthauza kuti asidi wawonjezeka ndi pafupifupi 30 peresenti. Nyanja sinawawase ngati mandimu ayi, koma yasunthira mbali imeneyo, ndiponso mofulumira.

Amene amamva kupweteka poyamba ndi zamoyo zomanga zigoba: nkhono, tizilombo tating'onoting'ono timene nsomba zimadya, ndi makorali amene amamanga matanthwe pansi pa madzi. Zigoba zawo ndi za mtundu umodzi ndi chigoba cha dzira kapena mwala wa laimu. Zomangira zake zimatapa m'madzi momwemo, ndipo asidi akachuluka zomangirazo zimachepa. Zili ngati mmisiri womanga nyumba pamene wina akumubera njerwa.

Kuyambira 1988, akatswiri anayamba kuyeza madzi pafupipafupi pamalo amodzi kumpoto kwa chilumba cha Oahu ku Hawaii, ndipo zinaoneka poyera kuti mpweya ukamakwera kumwamba, pH ikutsika m'madzi. Mu 2003 Ken Caldeira ndi Michael Wickett analemba chenjezo m'magazini ya Nature, ndipo mu 2005 bungwe la Royal Society ku London linatulutsa lipoti lonse la nkhaniyi. Koma mukudziwa mmene anthufe tilili. Za m'mapepala timati n'za ophunzira, mpaka zitakhudza thumba.

Thumba linakhudzidwa ku America, m'mbali mwa nyanja ya Pacific. Kumeneko anthu amaweta nkhono zotchedwa oyisitara, zimene ku Beira ndi ku Maputo amati ostra. Alimi ake amagula tiana ta nkhonozi kumalo oswetsera, ndipo tianato amatitcha mbewu, monga ife ndi mbewu ya chimanga. Kuyambira 2005, mbewu yobadwa yokha m'gombe la Willapa Bay ku Washington inayamba kukanika, chaka ndi chaka. Mu 2007 ndi 2008, malo oswetsera a Whiskey Creek ku Netarts Bay, m'dera la Oregon, amene ankagulitsa mbewu kwa alimi ambiri, anaona tiana tikufa mamiliyonimamiliyoni m'matanki. Poyamba anaganizira kachilombo kotchedwa Vibrio tubiashii. Anawononga ndalama kusefa madzi ndi kupha kachilomboko, koma tiana tinkafabe. Mlimi aliyense amene anadzalapo mbewu n'kusamera akudziwa mmene mtima umawawira, makamaka ukakhala kuti sukudziwa chifukwa chake.

Wogwira ntchito wina pamalopo, Alan Barton, ndiye anazindikira kuti imfa zimachuluka masiku amene mphepo yavundula madzi ozizira a pansi pa nyanja n'kuwakankhira kugombe. Mothandizana ndi Burke Hales wa ku Oregon State University, anayeza madziwo n'kupeza kuti anali ndi kaboni dayokisaidi wambiri. Madzi a pansi amakhala nawo mpweyawu mwachibadwa chifukwa cha zinthu zowola, koma utsi wa anthu unali utawonjezera pamwamba pake mpaka kudutsa malire. Kamwana ka oyisitara kamamanga chigoba chake choyamba m'masiku awiri oyambirira; kakalephera pamenepo, basi kwatha. Choopsa china n'chakuti madzi ovundukawo anakhudzana ndi mpweya komaliza zaka pafupifupi 50 m'mbuyo mwake. Ndiye kuti utsi wa masiku ano ukadali m'njira.

Anapulumuka bwanji? Anaika makina oyeza madzi usana ndi usiku. Anayamba kutunga madzi masana dzuwa litapendeka, udzu wa m'nyanja utayamwako mpweya uja. Anayambanso kuthiramo soda, wachibale wa soda amene amayi amathira m'thelere, kuti asidi afooke. Mbewu inayambanso kukhala ndi moyo. Mu 2012 bwanamkubwa wa Washington, mayi Christine Gregoire, anakhazikitsa komiti yapadera, popeza ulimi wa nkhono unkabweretsa madola pafupifupi 270 miliyoni pachaka ndi ntchito zoposa 3,000 m'deralo. Koma soda mungathire m'tanki. M'nyanja yonse simungathire.

Tsopano tibwerere kwathu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Moçambique ali ndi gombe lotalika makilomita oposa 2,400. Madzi athu ndi ofunda, ndipo si ofanana ndi a ku Oregon, koma mpweya ndi umodzi, nyanja zonse zikuumeza. Ku Quirimbas ndi ku Bazaruto kuli matanthwe a makorali, kumene nsomba zimaswanirana ndi kubisala, kumene alendo amabwera kudzaona n'kusiya ndalama, komanso kumene mafunde amasweka asanafike kumidzi. Mu 1998 kutentha kwa madzi kunapha makorali ambiri m'nyanja ya Indian. Limenelo ndi vuto lina, la kutentha, koma gwero lake ndi utsi womwewo, ndipo asidi amachedwetsa makorali kumanganso. Ku Bazaruto mabanja amatola nkhono zimene amati mapalo, ndipo m'magombe ambiri amayi amatola nkhono madzi akaphwa kuti apeze ndiwo ndi kandalama. Iwowa alibe tanki, alibe makina oyezera.

Nanga sitima ija? Kuyambira 2011 malasha a ku Moatize akhala akutuluka kupita kunja, poyamba pa njanji ya Sena kupita ku Beira, kenaka pa njanji yodutsa m'Malawi kupita ku Nacala. Amakayaka ku India ndi kumaiko ena, ndipo gawo lina la utsi wake limamira m'nyanja yomweyo imene sitima zapamadzi zinawanyamulira. Sindikunena izi kuti tiloze chala mnzathu wogwira ntchito kumgodi, ayi. Ana ake amadya pamenepo. Ndipo utsi umene dziko lathu limatulutsa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa maiko olemera. Koma tisamati nkhani ndi ya kutali pamene njanji yake ikudutsa kuseri kwa nyumba zathu.

Mu 2015 maiko a m'bungwe la United Nations, kuphatikizapo lathu, analonjeza pa mfundo 14.3 ya zolinga za chitukuko kuti achepetsa vutoli ndi kugwirizana pa kafukufuku wake. Ifeyo tili ndi ufulu wofunsa akuluakulu akabwera pa wailesi: kodi madzi a m'magombe athu akuyezedwa kangati, ndipo zotsatira zake asodzi akuuzidwa? A ku Oregon anataya zaka ziwiri akulimbana ndi kachilombo, mpaka atayeza madzi.

Tisanakumane pa msonkhano wa kalabu, yesani ichi ndi ana kunyumba. Ikani chigoba cha dzira m'kapu ya viniga kapena madzi a mandimu, china m'kapu ya madzi a pachitsime, mudikire masiku awiri. Asidi wa m'kapuyo ndi wamphamvu kuposa wa m'nyanja, koma muona ndi maso anu chimene nkhono zikulimbana nacho. Zimene mupezezo mudzatiuze.