Ana ochemerera, mahotela ndi mowa ku America

Mwezi wa Epulo ukafika, mahotela a ku Orlando m'chigawo cha Florida amadzaza ndi achinyamata ovala malaya onyezimira, atsikana atamanga maliboni akuluakulu kumutu. Amabwera ku mpikisano wa Cheerleading Worlds, umene wakhala ukuchitika kuyambira 2004. Timu imapatsidwa mphindi ziwiri ndi theka zokha: kudumpha, kuchita zipidigoli, kusanjikizana pamapewa mpaka kupanga nsanja ya anthu, ndi kuponya mnzawo m'mwamba n'kumuwakha asanafike pansi. Nyimbo ikatha, ntchito yatha. Koma ulendowo ndi wa masiku angapo, ndipo nthawi yotsalayo mwana amakhala m'basi, m'chipinda cha hotela kapena m'mbali mwa dziwe losambiramo, kutali ndi kwawo. Nkhani za ana omwa mowa pa mapikisano amenewa zimachokera m'maola otsalawo, ndipo gwero lake lili m'mbiri ya masewerawo.

Kuchemerera kwa mtundu umenewu sikunayambe ndi ana, komanso sikunali kwa atsikana. Kunayambira m'mayunivesite a anyamata, pa mpira wa ku America uja amathamanga nawo m'manja. Ophunzira a ku Princeton anali ndi mfuu yawo kale m'zaka za m'ma 1880, ndipo mmodzi mwa omaliza maphunziro kumeneko, Thomas Peebles, anapita nacho chizolowezicho ku University of Minnesota. Pa 2 Novembala 1898, wophunzira wina wa pa sukuluyo, Johnny Campbell, anaima kutsogolo kwa khamu la oonerera n'kuyamba kulitsogolera pofuula. Tsiku limenelo ndi limene eni masewerawa amaliwerenga ngati chiyambi chawo. Kwa zaka zambiri, kukhala mtsogoleri wa ochemerera unali udindo waulemu wa mnyamata wotchuka pa sukulu. George W. Bush anaugwirapo ali ku sekondale ya Phillips Academy ku Andover.

Atsikana analoledwa ku Minnesota mu 1923, koma chinasintha zinthu kwenikweni ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Anyamata atapita kunkhondo, atsikana anatenga malo awo m'mbali mwa bwalo, ndipo nkhondo itatha sanachokepo.

Munthu amene anaona kuti pamenepa pali malonda anali Lawrence Herkimer, yemwe anachemererapo ku Southern Methodist University mumzinda wa Dallas. Mu 1948 anayambitsa National Cheerleaders Association, ndipo msasa wake woyamba wophunzitsira, ku Huntsville m'chigawo cha Texas, unali ndi atsikana 52. Herkimer ankagulitsanso mayunifolomu ndi zoyangayanga zogwedeza m'manja zija, ndipo kadumphidwe kena kamatchedwabe ndi dzina lake mpaka lero. Chofunika kuchiona apa n'chakuti masewera ena a m'sukulu ankayendetsedwa ndi mabungwe a sukuluzo, pomwe awa anakulira m'manja mwa kampani. Kampaniyo inkapeza ndalama ana akachoka kwawo n'kukagona kwina masiku angapo. Ulendo wogonera kunja sunabwere pambuyo ngati chowonjezera ayi, unali maziko a malondawo kuyambira pachiyambi.

Jeff Webb, amene anagwirapo ntchito kwa Herkimer, anakhazikitsa kampani yake, Universal Cheerleaders Association, mu 1974 ku Memphis. Iye ndiye anasandutsa kuchemerera kukhala mpikisano weniweni. Anawonjezera zipidigoli zovuta ndi nsanja zazitali, anayambitsa mpikisano wa dziko lonse wa masukulu a sekondale mu 1980, ndipo posakhalitsa wailesi yakanema ya ESPN inayamba kuuonetsa. Kampani yake, imene inadzadziwika kuti Varsity, inagula ya Herkimer mu 2004.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabadwa mtundu wina, wotchedwa all-star. Matimu amenewa sachemerera timu ya mpira iliyonse ndipo sali pansi pa sukulu. Ndi malo ophunzitsira a munthu payekha, kumene makolo amalipira mwezi ndi mwezi, ena kuyambira mwana ali ndi zaka zisanu. Kusiyana kwake ndi kwakukulu. Timu ya sukulu ikapita paulendo, mphunzitsi amakayankha kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa akuluakulu a maphunziro m'deralo, ndipo mwana wogwidwa ndi mowa akhoza kuchotsedwa m'timu kapena kuimitsidwa sukulu. Timu ya all-star ikapita paulendo, mwini malo ophunzitsirawo ndiye bwana, ndiye kochi, ndiye woweruza milandu. Iye yemweyo ndi amene amasankha mwana woti aime pamwamba pa nsanja ndi woti atsale kumbuyo.

M'zaka zomwezo, dziko la America linali pa mkangano wina, wa msinkhu woyenera kumwa mowa. Lamulo loletseratu mowa m'dziko lonse, limene linagwira ntchito kuyambira 1920 mpaka 1933, litachotsedwa, zigawo zambiri zinaika zaka 21. Mu 1971 msinkhu wovotera unatsitsidwa kufika zaka 18, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati, ndipo anthu ankafunsa chifukwa chimene mnyamata wotumizidwa kukafa kunkhondo angaletsedwere botolo la mowa. Zigawo pafupifupi 30 zinatsitsa msinkhuwo. Ngozi zapamsewu za achinyamata oledzera zinachuluka. Pa 3 Meyi 1980, mtsikana wa zaka 13, Cari Lightner, anagundidwa n'kufa ndi dalaivala woledzera ku Fair Oaks m'chigawo cha California, ndipo mayi ake, Candy Lightner, anayambitsa bungwe la amayi lolimbana ndi kuyendetsa galimoto utamwa, lodziwika kuti MADD. Amayiwa anagogoda zitseko za andale mosatopa. Pa 17 Julayi 1984, Pulezidenti Ronald Reagan, yemwe nayenso anachemererapo ali ku Eureka College, anasaina lamulo loti chigawo chilichonse chololeza ochepera zaka 21 kugula mowa chilandidwe gawo la ndalama zokonzera misewu. South Dakota inakasuma koma inagonja ku khothi lalikulu mu 1987, ndipo pofika 1988 zigawo zonse zinali zitagonjera.

Choncho aliyense wa sekondale amene amapikisana ku Orlando kapena kwina kulikonse ku America saloledwa kugula mowa, chimodzimodzinso ophunzira ambiri a ku koleji. Ku Malawi malire ndi zaka 18, kotero mnyamata wa zaka 20 amene kuno amaonedwa ngati wamkulu, kumeneko akadali wosayenera kugulitsidwa mowa. Tsatanetsatane wa malamulowa amasiyana chigawo ndi chigawo. Ku Texas, mwachitsanzo, mwana akhoza kumwa kholo lake likuona. Koma kholo la mnzake, kochi kapena mnzake wamkulu wa m'timu alibe chilolezo chimenecho, ndipo ku Florida kupatsa mowa munthu wosakwana zaka 21 ndi mlandu.

Malo amene mapikisanowa anasankha sanathandize. Mpikisano wa makoleji wa National Cheerleaders Association umachitikira ku Daytona Beach mu Epulo, ndipo opambana amathamangira m'nyanja ndi chikho chawo. Daytona ndi mzinda umene m'zaka za m'ma 1980 unatchuka ndi maphwando a ophunzira a pa tchuthi cha m'nyengo yophukira, moti wailesi yakanema ya MTV inayamba kuulutsa zochitikazo kuchokera kumeneko mu 1986. Mabala, malo ovinira ndi mahotela a m'mphepete mwa nyanja anamangidwira alendo otere. Ndiye mwafikitsapo achinyamata zikwizikwi amene akhala akudzimana chakudya, tulo ndi macheza kwa miyezi yambiri, n'kuwauza kuti zonse zatha madzulo ano, kaya mwapambana kaya mwagwa. Pa mapikisano a all-star pali vuto linanso. Magulu ena otchedwa open amasakaniza achinyamata osakwana zaka 21 ndi akuluakulu opitirira msinkhuwo m'timu imodzi. Amene amakuwakha pabwalo masana ndi yemweyo angathe kulowa m'sitolo usiku n'kugula mowa mosaphwanya lamulo lililonse mpaka atakupatsira.

Ambiri amaganiza kuti masewera amateteza mwana ku mowa. Kafukufuku akusonyeza zina. Mu 2014, Matthew Kwan ndi anzake ku Canada anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 17 wotsatira achinyamata kwa nthawi yaitali, ndipo anapeza kuti ochita masewera amakonda kumwa mowa kuposa anzawo, ngakhale kuti mankhwala ena ozunguza bongo amawapewa kwambiri. Zifukwa zake n'zosavuta kumva: timu imakondwerera pamodzi, imalirira pamodzi, ndipo wokana kapu amaoneka ngati wakana anzake. Kunena zoona, achinyamata a ku America masiku ano amamwa mochepa kuyerekeza ndi makolo awo. Kafukufuku wa Monitoring the Future, amene University of Michigan yakhala ikuchita kuyambira 1975, anapeza kuti cha m'ma 1980 ophunzira pafupifupi 4 mwa 10 alionse a kalasi yomaliza ku sekondale anali atamwa mabotolo asanu kapena kuposa nthawi imodzi m'masabata awiri apitawo. M'zaka zaposachedwa chiwerengerocho chatsika kufika pafupifupi mmodzi mwa 10. Ana a lero si oipa kuposa akale. Chimene chakula ndi chiwerengero cha maulendo, kutalika kwake ndi ndalama zimene zikuzungulira pamenepo.

Mowa ndi woopsa pa masewera alionse, koma pa awa ndi woopsa mwapadera. Mu 2012 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linanena kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuvulala koopsa kwa atsikana ochita masewera ku sekondale, monga kuthyoka khosi kapena kuvulala m'mutu, kunkachokera ku kuchemerera. Mapikisano akuluakulu ambiri amafuna kuti timu ionetse luso lake masiku awiri otsatizana. Mtsikana woponyedwa m'mwamba amadalira manja ndi maso a anzake atatu kapena anayi amene ali pansi. Mmodzi mwa iwo akakhala ndi matsire, sanagone, thupi lilibe madzi okwanira, kuchedwa kwa kamphindi kochepa n'kokwanira kuti mnzake agwe ndi mutu.

Nkhani imene inaonetsa poyera kumene mowa umachokera ndi ya Rockstar Cheer, malo ophunzitsira otchuka a kufupi ndi Greenville m'chigawo cha South Carolina. Mwini wake, Scott Foster, anadzipha mu Ogasiti 2022 boma likumufufuza. Masiku ochepa pambuyo pake, ena mwa amene anaphunzirapo anayamba kukasuma ku khothi. Iwo ananena kuti Foster ndi makochi ena ankawapatsa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo akadali ana, kunyumba kwake ndi m'mahotela pa nthawi ya mapikisano, ndi kuti ena anachitidwa nkhanza zogonana. Zinamvekanso kuti bungwe loyang'anira matimu a all-star, la USASF, linamuimitsapo mu 2018 chifukwa cha kanema womuonetsa akumwa ndi achinyamata osakwana msinkhu, koma malo ake ophunzitsira anapitiriza kutumiza ana ku mapikisano. Milandu yofanana ndi imeneyi inatsegulidwa m'zigawo zina zingapo. Patatsala zaka ziwiri kuti izi zichitike, nyuzipepala ya USA Today inali itapeza anthu pafupifupi 180 okhudzana ndi masewerawa amene anazengedwapo milandu yokhudza ana koma sanaletsedwe ndi mabungwe oyang'anira, ndipo Jerry Harris, katswiri wa mu kanema wa Netflix wotchedwa Cheer, anagamulidwa zaka 12 m'ndende mu 2022 pa milandu yotere.

Apa m'pamene nkhani ya mowa imasiya kukhala ya ana osamvera. Kapu yochokera m'manja mwa kochi imamanga mwana pakamwa. Akaulula, amaopa kuti nayenso waphwanya lamulo, kuti makolo amudzudzula, ndi kuti ataya malo ake m'timu imene banja lalipirira ndalama zambiri. Munthu wamkulu wa zolinga zoipa amadziwa zimenezi bwino lomwe, n'chifukwa chake mowa umatsogola.

Nanga boma ndi mabungwe a masewera anali kuti? Mbali ina ya yankho ili m'funso limene lakhala likuzunguza America kwa nthawi yaitali, loti kuchemerera ndi masewera kapena ayi. Mu 2010, pa mlandu wokhudza Quinnipiac University, woweruza Stefan Underhill anagamula kuti sikunafike powerengedwa ngati masewera a ku yunivesite pansi pa lamulo la Title IX la mu 1972. Bungwe la NCAA, limene limayendetsa masewera a makoleji, silikuyendetsa. USASF, imene inakhazikitsidwa mu 2003, inayamba ndi thandizo la Varsity, kampani yomweyo yokonza mapikisano ambiri ndi kugulitsa mayunifolomu. Woyang'anira ndi wogulitsa anakulira m'nyumba imodzi. Padziko lonse masewerawa akwera ndithu, moti komiti ya Olimpiki inavomereza kwathunthu International Cheer Union mu 2021, koma ulemu umenewo sunaike munthu wolondera pakhonde la hotela.

Nawonso mahotelawo ali ndi mbiri yawo. Pa mapikisano ambiri panali lamulo lodziwika kuti stay to play, loti timu yofuna kupikisana igone m'mahotela osankhidwa ndi okonza mpikisano. Makolo ndi eni malo ophunzitsira anadandaula kuti lamuloli, pamodzi ndi mphamvu ya kampani imodzi pamsika, likukweza mitengo, ndipo anakasuma. Mu 2023 Varsity inavomera kulipira madola 43.5 miliyoni pa mlandu umodzi, ndipo mu 2024 iyo ndi ena osumiridwa nawo anavomera madola 82.5 miliyoni pa wina, osavomera kulakwa kulikonse. Chaka chomwecho kampani ya KKR inagula Varsity Brands kuchokera kwa Bain Capital, imene inaigula mu 2018 pa mtengo wa madola pafupifupi 2.5 biliyoni. Milandu iwiri ya ndalama zambiriyo inali yokhudza mitengo ndi mpikisano wa malonda. Za amene amayang'anira ana m'mahotelamo usiku zinatsalira malamulo a bungwe lililonse, eni malo ophunzitsira, ndi makolo amene angakwanitse tikiti ya ndege yoti aperekeze mwana wawo.