Nyama ya pawindo

Munthu wogula nyama mu Cairo Road ku Lusaka masiku ano amalowera pakhomo, n'kuloza nthuli imene waikonda, n'kuikana ngati yachuluka mafuta. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 munthu wakuda sankatero. Khomo linali la azungu. Makolo athu anali ndi kawindo kawo m'mbali mwa shopu kapena kuseri, pomwe ankapereka ndalama n'kulandira phukusi lokulungiratu. Za m'katimo ankakaziona kunyumba: mafupa, mitsempha, zodulira, nthawi zina zoyamba kale kununkha. Eni mabutchala ankaitcha "boy's meat", ndipo boyi ankamunenayo mwina anali bambo wa imvi wolera banja lonse.

Mzinda weniweniwo unamangidwa ndi mtima womwewo. Likulu la dziko litachoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, azungu anatenga chitunda cha Ridgeway, kenaka anafalikira ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kwa mayadi aakulu ndi mitengo ya mthunzi. Antchito akuda anawamangira tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu ku Kabwata. Tambiri anatigwetsa pambuyo pake pomanga nyumba zosanja. Totsala 43 ndito tinasanduka Kabwata Cultural Village mu 1974, kumene amisiri amagulitsa ziboliboli. Mukapitako, lowani m'kanyumba kamodzi mutambasule manja, muone malo amene boma la atsamunda linkati akwanira munthu wamkulu.

Agogo anga aamuna, Achewa a ku Katete, anali khukhi ku Woodlands. Za malipiro ochepa sankazikamba kawirikawiri. Chimene chinawakhala mumtima ndi nkhope ya dona wina wogulitsa pa kawindo ka shopu ina m'tauni. Polandira chenji, chala chawo chinakhudza dzanja lake. Mayiyo anachita kudzidzimuka, kubweza dzanja msangamsanga, kukwinya mphuno, n'kulipukuta padiresi ngati wagwira chule. Sanalankhule kanthu. Agogo akamafotokoza zimenezi ankatambasula zikhatho zawo n'kumaziyang'ana. Manja omwewo ndiwo ankakanda buledi wa azungu m'mawa uliwonse, kudula nyama yawo, kupukuta mbale zawo.

Apa ndi pamene ndimaonera kuti kunyansidwa kumeneko kunali kophunzitsidwa. Chikhala kuti khungu lakuda linkawanyansadi, sakanadya chophikidwa ndi munthu wakuda. Makanda awo ankagona tulo tabwino kumsana kwa mayi wa ku Kabwata. Mwana yemweyo akasinkhuka ndiye ankaphunzira kuchita tsinya, kubwerera m'mbuyo, kupatula kapu. Kukhitchini dzanja lakuda linali labwinobwino chifukwa linkatumikira. Linkaipa likangofika pakauntala, pamene ndalama ya wakuda ndi ya mzungu zikanaoneka kuti n'zofanana.

Yankho la makolo athu limandinyaditsa. Nawonso anaipidwa, n'kubweza mapazi. Mu 1954, Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitangotha miyezi yochepa chiyambire, chipani cha African National Congress, chotsogozedwa ndi a Harry Mwaanga Nkumbula, mlembi wamkulu ali a Kenneth Kaunda, chinauza anthu a mu Lusaka kuti anyanyale mabutchala a mawindo. Anthu ankaima pafupi ndi mashopuwo kubweza anzawo obwera kudzagula. Taganizani za mayi wa ku Chilenje kapena ku Matero, ana akulira nkhuli, iye n'kumaphika nyemba ndi nkhwani tsiku ndi tsiku, ndalama ya nyama ili pansonga ya chitenje. Ndewu imeneyi inamenyedwa ndi amayi otere, amene ambiri mwa iwo mayina awo sanalembedwe pena paliponse. A Kaunda eniake analeka kudya nyama chifukwa cha chipongwe cha m'mabutchala, ndipo dziko lonse linawadziwa ngati munthu wa ndiwo zamasamba mpaka pamene anamwalira mu 2021.

Kunyanyalako kunafika ndi ku Copperbelt, ndipo eni mashopu ataona kuti malonda alowa pansi anayamba kutseka timawindo tija. Mu 1960 kunabwera lamulo loletsa tsankho m'malo odyera ndi oonetsera mafilimu. Ufulu unadza pa 24 Okutobala 1964.

Ku Kabulonga ndi ku Woodlands tsopano kukukhala ife. Ndalowa m'nyumba zina kumayadiko, ndi ku Chelstone komwe, n'kupeza kapu ya pulasitiki ili payokha pawindo la khitchini, ya mtsikana wantchito wochokera kukomboni. Iye ndiye aphika nsima, asambitsa mwana, achapa zovala zam'kati, koma akakhala pampando wa pabalaza mayi wa nyumba nkhope imasintha. Zimandipweteka kwambiri kuposa nkhani ya agogo, chifukwa uyu ndi mwana wa mnzathu. Amayi ndi abambo a kumayadi, chotsani kapu imeneyo pawindo, mtsikanayo azimwera m'makapu amene mumamwera inu.