Kodi Mkazi Woyamba Kuyendetsa Ndege Anali Ndani?

Funso: Kodi mkazi woyamba kuloledwa kuyendetsa ndege anali ndani, nanga n'chifukwa chiyani akazi anachedwa kuchuluka pa ntchitoyi?

Yankho: Mkazi woyamba kulandira laisensi, chikalata chotsimikizira kuti munthu wakhoza mayeso oyendetsa ndege, anali Raymonde de Laroche wa ku France, amene anailandira pa 8 Malichi 1910, patangotha zaka 6 chiulutsireni ndege abale awiri a banja la Wright. Izi zikusonyeza kuti akazi sanachedwe kuyamba, koma chimene chinawabweza m'mbuyo ndi kukanizidwa malo a maphunziro ndi mwayi wa ntchito.

Mbiri ya Bessie Coleman, amene anabadwa ku Texas mu 1892, ikuonetsa bwino kukula kwa tsankholi. Sukulu zophunzitsa kuyendetsa ndege ku America zinamukana chifukwa anali mkazi komanso wakhungu lakuda, choncho, atalimbikitsidwa ndi Robert Abbott, mwini nyuzipepala ya Chicago Defender, anayamba waphunzira Chifalansa, kenako n'kuwoloka nyanja kukalowa sukulu ya Caudron ku Le Crotoy m'dziko la France, ndipo analandira laisensi pa 15 Juni 1921. Atabwerera kwawo, njira yopezera ndalama imene inamutsalira inali zionetsero za mumlengalenga, momwe woyendetsa amatembenuza ndi kutsitsa ndege moika moyo pachiswe kuti asangalatse anthu olipira pakhomo, ngakhale iye ankakana kuonetsa kumalo kumene anthu akuda sankaloledwa kulowera chipata chimodzi ndi azungu. Anafa mu 1926 ku Jacksonville, pokonzekera chionetsero choterocho.

Tsankho linalowanso m'malamulo, pakuti mu 1924 bungwe loona za maulendo a pandege pakati pa mayiko linaletsa akazi kuyendetsa ndege zamalonda, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1926 Lady Mary Heath wa ku Ireland atachitsutsa, yemwenso mu 1928 anayendetsa ndege kuchokera ku Cape Town kukafika ku London. Komabe kuchotsa lamulo sikunasinthe mitima ya anthu. Pamene kampani ya ndege ya ku America ya Central Airlines inalemba ntchito Helen Richey mu 1934, bungwe la oyendetsa ndege, lomwe linali la amuna okhaokha, linakana kumulandira, akuluakulu a boma analangiza kuti aziuluka kunja kukakhala bwino pokha, ndipo iye anasiya ntchitoyo mu 1935.