Mpando wa Malawi pa Misonkhano ya Nduna za SADCC

Ife amene tinadya limodzi nyemba za pasukulu yathu kuno ku Mchinji tinaloweza m'kalasi kuti bungwe la SADCC linakhazikitsidwa ku Lusaka pa 1 April 1980 ndi maiko asanu ndi anayi. Tinkawatchula ngati nyimbo: Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Koma funso limene sitinafunse aphunzitsi ndi ili: kodi Malawi anakhala bwanji nawo pagulupo?

Funsoli si lachibwana ayi. Cholinga chachikulu cha bungweli chinali kuchepetsa kudalira South Africa wa tsankho pa malonda ndi mayendedwe. Pamene ife tinali titatsegula kale ubale wa ukazembe ndi boma la azungu la ku Pretoria m'chaka cha 1967, ndipo Dr. Kamuzu Banda anakachezako mu August 1971. Anzathu a ku Zambia ndi Tanzania ankatiyang'ana ndi diso lofiira. Komabe anationa kuti sangatisiye kunja, pakuti dziko lathu lili pakati penipeni pa Zambia, Tanzania ndi Mozambique.

Ku Lusaka kuja Kamuzu sanapite. Anatuma a Dick Matenje, amene panthawiyo anali nduna ya zamaphunziro. Umu ndi mmene zinkayendera kawirikawiri m'zaka zimenezo: mwini wake kukhala kunyumba, nduna ndi akuluakulu a m'maunduna kunyamula zikwama. Ine ndagwira ntchito m'boma zaka zingapo tsopano, ndipo ndikuuzeni kuti nsima ya misonkhano yotere imaphikidwa ndi nduna. Atsogoleri a maiko amangofika kudzasamba m'manja. Mapepala amayamba kukambidwa ndi alembi akuluakulu a maunduna, kenaka nduna zimakangana pa mawu alionse mpaka usiku, ndipo chimene chatsala ndicho chimapita kwa atsogoleri kuti akasayine.

Pa bwalo la ndunali dziko lililonse linapatsidwa gawo lake loyang'anira. Mozambique anatenga zamtengatenga ndi mtokoma, Angola zamphamvu zamagetsi ndi mafuta, Zimbabwe za chakudya. Ife tinapatsidwa za usodzi, nkhalango ndi nyama zakutchire. Mu November 1981 msonkhano wa SADCC ndi maiko othandiza unachitikira ku Blantyre. Taganizani, nduna za maiko amene ankatitcha ogulitsa mtundu zinabwera kudzagona m'mahotela athu!

Osaiwala kuti kukhala nduna masiku amenewo kunali kuyenda pa ulusi. A Matenje omwewo anaphedwa ku Mwanza mu May 1983 pamodzi ndi a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga. Ena anapitiriza kupita ku misonkhano, mpando wathu sunakhale wopanda munthu.

Nthawi yowawitsa inali 1986. Nkhondo ya ku Mozambique inali itadula njanji zathu za ku Beira ndi Nacala, ndipo katundu ankadzera kutali, wina kulowera pa chipata chathu chino cha Mchinji. Anzathu ankatiganizira kuti tikusunga zigawenga za Renamo. Mu September chaka chimenecho a Kaunda, a Mugabe ndi a Samora Machel anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso. Mwezi wotsatira a Machel anafa pa ngozi ya ndege, ndipo mkwiyo pa ife unakula. Koma sitinachotsedwe m'bungwe, ndipo ife sitinatuluke. Pasanapite nthawi asilikali athu anapita kukalondera njanji ya ku Nacala. M'kuona kwanga, kuzolowerana kwa nduna ndi akuluakulu a boma pa misonkhano ija kunathandiza kuti khomo lisatsekeke pamene eni maiko sankamwerana madzi.

Pa 17 August 1992 ku Windhoek, SADCC inasanduka SADC. Kuchokera pamene tinalowa m'ndale za zipani zambiri mu 1994, talandira msonkhano wa atsogoleri ku Blantyre mu 1997 ndi 2001, ndiponso ku Lilongwe mu 2013 ndi 2021.

Nanga ife a kumalire tapindulanji? Apa ndiye pamafunika kuleza mtima. Njanji yochokera ku Lilongwe inafika pa Mchinji mu 1980, koma kachigawo kakafupi kokafika ku Chipata kanadikira mpaka 2010, zaka makumi atatu, ndipo ngakhale pamenepo sitima sizinayende mowirikiza monga tinkayembekezera. Chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, pamene wapaulendo amadinditsa mapepala a maiko onse awiri malo amodzi, anachitsegula a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema mu December 2022. Amayi opita ku Chipata kukapikula katundu angatiuze bwino ngati mzere unafupikadi.